Nkhuni za Chinkhoswe cha Sungeni

"Amayi, wodzikonda ndiye kuti munthu wotani?"

Sungeni anafunsa funso limeneli akadali kamtsikana ka Sitandade 3, atangofika kuchokera kunyanja ndi beseni la mbale pamutu. Mayi ake, Deliwe, anali pa thandala loyanikapo nsomba, akusankha usipa wothyoka mitu. Manja ake anaima.

"Wazimva kuti zimenezo?"

"Kudooko. Amayi ena amalozerana ine, amvekere, 'Uyo ndi mwana wa wodzikonda uja.'"

"Ndi munthu wokonda kusamba ndi kudzola mafuta," anatero Deliwe osatukula mutu. "Kayanike mbalezo."

Sikuti ananamiratu. Kwawo kumene anakulira, kumtunda cha ku Mvera, mawu amenewa ankawamva opepuka. Ankanenera mnyamata woyenda ndi kagalasi m'thumba, kapena mtsikana wothawa phulusa, ndipo ankanena akuseka, wonenedwayo nayenso n'kuseka. Mawu olemera anali ena. Wodya atatseka chitseko ankati ndi waumbombo. Wokaniza mtondo kapena moto ankati ndi womana. Wodumphira chilichonse chodutsa pamaso pake, wadyera. Aliyense anali ndi chilema chake, ndipo chilemacho chinali ndi malire, moti munthu womana mchere ankatha kukhala woyamba kufika pa maliro, anthu n'kumamudziwa ndi zonse ziwiri.

Atakwatiwa ku Senga Bay anapeza mawuwo atanenepa. Kutchalitchi ankawatchula limodzi ndi machimo akuluakulu. Pa wailesi ankanenera akuluakulu odya okha. Asodzi ankanenera uja woyenda ndi nyali patsogolo, amene akapeza pamene usipa wasonkhana amabisira maboti ena. Mawu amodzi anali atameza onse aja, umbombo, kumana ndi dyera lomwe, ndipo sankanenanso chimene munthu wachita tsiku lakutilakuti. Ankanena chimene munthuyo ali.

Kwa Deliwe mawuwa anafika ndi mvula.

Pamatandala panali khalidwe limene palibe ankaphunzitsa mnzake, koma aliyense ankalidziwa. Mvula ikayamba mwadzidzidzi, amene ali pafupi amayamba kuphimba nsomba za mnzake amene palibe, zake pambuyo. Chifukwa chake n'chosavuta: amene alipo angathe kuwolera zake m'mabeseni, angathe kukuwira ana, koma amene ali kutali alibe manja.

Deliwe anayandikana nyumba ndi Karima, mayi wachisilamu amene anamulandira atangofika kunyanjako, n'kumuphunzitsa kugula usipa pa boti osaponderezedwa. Anayandikananso matandala. M'mawa wina wa mu Disembala amuna ake a Karima anadwalika, ndipo powakweza pa kabaza kupita kuchipatala ku boma, Karima anakuwa ali pamsewu:

"Amake Sungeni, mundionereko usipa wanga! Ndibwera mawa, Inshallah."

"Pitani, anzanga, musade nkhawa."

Masana mtambo unadzuka panyanja, wakuda bii, mphepo ili patsogolo. Deliwe anali ndi pepala lapulasitiki latsopano, lalikulu moti akanalitambasula likanakwana matandala a onse awiri. Anathamanga nalo, ndipo miyendo inamufikitsa pa matandala a iye mwini. Poona mphepo, analipinda pawiri kuti lisang'ambike, namanga m'makona, nalipsinja ndi miyala. Atamaliza m'pamene anatembenuka n'kuona usipa wa Karima ukunyowa. Nthawi yomasula inalipo. Anaima pomwepo, madzi akutsika m'khosi, n'kudziuza kuti, "Ndi yodutsa iyi."

Sinali yodutsa. Inagwa mpaka mkuja wake. Pamene Karima ankabwera, usipa wake unali phala lonunkha, mphutsi zili nyakanyaka. Anakumba dzenje mumchenga n'kuukwirira. Mpamba wake wonse unali pamenepo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanagulenso nsomba zakezake. Anayamba ganyu yofutsira anzake usipa.

Pali chimene anthu sanachione. Patapita masiku ochepa Deliwe anadzaza beseni ndi usipa wake wouma bwino, nausenza kupita kwa Karima. Panjira anakumana ndi amayi ochokera ku mjigo. Mmodzi anati, "Mupatukeni, wodzikonda akudutsa," ena n'kuphulika kuseka. Deliwe anapitirira khomo la Karima ngati amapita kwina, nazungulira kuseri kwa sukulu, n'kubwerera kwawo ndi beseni lake. Ena anganene kuti kunali kunyada, ena manyazi. Mwini wakeyo sanathe kuzilekanitsa.

Zaka zinayenda. Matandala ake anawasamutsira pakhomo, namanga mpanda wa bango, kenaka wa njerwa, wokhala ndi geti lachitsulo. Bambo a Sungeni anali atapita ku Joni kalekale osatumizanso uthenga, choncho wofunsa kuti mpandawu ndi wa chiyani panalibe. Bizinesi inakula. Ogula a ku Lilongwe ankaimika galimoto pageti. Kukagwa maliro ankatumiza shuga, kukakhala ukwati ankatumiza mbale yatsopano, iye osaoneka. Ankati akuthawa milomo ya anthu. Anthu ankati, "Mwaona? Si tinanena?"

Tsopano Sungeni anali atakula, akusoka zovala pamsika wa Salima, ndipo anapeza mnyamata wa ku Chinguluwe, dzina lake Emmanuel, wa banja lolima mpunga. Ankhoswe anakumana, nagwirizana kuti chinkhoswe chichitike Loweruka lomaliza la mwezi, kuchikazi, pakhomo pa Deliwe, monga mwa mwambo.

Chinkhoswe si cha munthu mmodzi. Thobwa la chikhamu cha anthu limafuna nkhuni, madzi, ndi mikono yotakasa m'madiramu. Ndiye mayi wa mtsikana amayenda yekha khomo ndi khomo, kukhala pansi, kulonjerana, kenaka n'kunena kuti, "Mwana wanu uja wapeza banja." Akatero, Lachitatu amayi amabwera aliyense ndi mtolo wa nkhuni, Lachinayi moto umayaka.

Deliwe anapita ku Salima kukasindikiza makhadi. Anali okongola, a maluwa ofiira m'mbali, ndi chithunzi cha awiriwo atatsamirana.

"Amayi, makhadi ndi a anzanga a ku tauni," anatero Sungeni atawaona. "Kuno mupite nokha."

"Nanga khadi silinena zomwezo? Tsiku lilipo, malo alipo."

"Mukudziwa chimene ndikunena."

"Ndamva, ndamva. Ndipita nawo ndekha."

Anapitadi. Anavala chitenje chabwino, makhadi ali m'kachikwama, n'kufika pafupi ndi khomo loyamba. Kuseri kwa mpanda kunkamveka amayi akuseka, mwina nkhani zawozawo. Miyendo inalemera. Pamsewu panadutsa wakabaza wina amene ankamunyamulira matumba, ndipo Deliwe anamuimitsa, namupatsa makhadi onse kuti agawe m'makomo.

Lachitatu anadzuka m'mamawa, natsegula geti mbali zonse ziwiri, chinthu chimene mahinjesi ake anali ataiwala. Anasesa bwalo, natulutsa madiramu, nayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anaphika tiyi wodzaza ndowa, nagula masikono. Chimera chinali kale m'matumba, chogayitsa bwino.

Dzuwa linakwera. Amayi ankadutsa pamsewu ndi mabeseni kupita kunyanja, ena akuyang'ana kutsogolo, ena akusuzumira. Loveness, mayi wina wa pamudzipo wakuthwa pakamwa, anaima pageti.

"Mwadzuka bwanji, amake Sungeni? Khadi lija talandira, koma ndiye lokongola! Talimata pakhoma. Likapumula libwera lidzakutungireni madzi."

Anzake anamukoka dzanja akuseka, n'kumapita. Tiyi anazizira m'ndowa.

Cha m'ma leveni kabaza inaima pageti, n'kutsikapo a Nachisale, azakhali ake a Emmanuel, thumba la mpunga lili pa kaliyala. Anali mayi wamkulu, wodekha, woyankhula motsitsa. Analonjerana, nakhala pamphasa, maso akuyenda pa madiramu ouma ndi pamalo pamene panayenera kukhala mulu wa nkhuni.

"Kodi ndaphonya tsiku, amake mwana?"

"Ayi, ndi lero. Anthu atanganidwa, usipa wafa wambiri sabata ino."

"Oho." A Nachisale anayang'ananso madiramu aja. "Ife kwathu tibwera lole yodzaza. Anthu amenewo adzawalandira ndani?"

"Ndilemba aganyu. Nkhuni ndigula za pa ngolo, ophika ndiwapeza ku boma. Palibe adzagone ndi njala."

"Za njala sindikukayika. Koma waganyu amaimba nthungululu? Pobisa mkwatibwi m'chitenje, adzafunda naye ndani? Abale anga akadzaona mtsikana wopanda mudzi kumbuyo kwake, adzayamba kufunsana kuti pakhomopa pali chiyani, ndipo mafunso amenewo adzamutsata mwanayu mpaka m'nyumba mwake." Anadzuka, nakonza mpango. "Mtsikanayu timamukonda. Mawa ndibweranso. Ndikapeza chonchi, ndikauza ankhoswe kuti mwambo ukachitikire kwathu."

Chinkhoswe kuchitikira kuchimuna mayi wa mtsikana ali moyo, ali ndi nyumba ya malata ndi bwalo lalikulu! Deliwe anaperekeza mlendo wake, ndipo sanabwererenso m'geti. Analunjika kunyanja.

Anakamupeza Karima pamalo ofutsira usipa, ataweramira chidiramu chodula pakati, akuvuula nsomba m'madzi owira ndi dengu. Anali atachepa thupi, tsitsi loyera likusuzumira pansi pa mpango.

"Odi, amake Binali," anatero Deliwe, pomutchula dzina la mwana wake. "Odi."

Karima anatembenuka, akupukuta misozi ya utsi. "Eee! Kodi ndi inu? Mwasochera, kapena mwabwera ndi khadi lina?"

"Ndabwera ndekha."

"Khalanitu. Samalani chitenje chanu chabwinocho, pano ndi pa mchere."

Deliwe anakhala pamchenga pomwepo. Mawu amene anakonza panjira anabalalika onse.

"Ndi za mwana," anatero. "Sungeni mumudziwa, munamubereka kumsana inu pamene ine ndinagona ndi malungo. Akuchimuna akuti mawa akapeza pakhomo pali zii, chinkhoswe achisamutsira ku Chinguluwe."

"Ndamva kale. Wakabaza anawanyamula uja wafalitsa dooko lonse."

"Amayiwa amakumverani. Mutangowauza inu..."

"Amandimvera?" Karima anakhuthulira usipa pa thandala, nauyala ndi dzanja lozolowera kutentha. "Amake Sungeni, amayi amenewa si mbuzi zanga zoti ndikangotsegula khola zituluke. Aliyense ali ndi chake mumtima. Loveness mwana wake anagonekedwa ku boma mwezi wathunthu, simunapondeko. Amake Stanley mphepo inawasasulira denga, mudzi wonse unasenza udzu, inu munatumiza moni."

"Zonsezi zinayamba ndi mvula ija..."

"Ayi, ayi, mvula isiyeni. Wallahi, usipa uja ndinaukwirira ndi manja angawa, ndipo ndinausiya komweko. Ndikanakhala ine tsiku lija, kaya miyendo ikanandithamangitsira kuti, Allah ndiye adziwa. Dzina lija sindinakupatseni ndine, ndipo silinatulukepo pakamwa panga. Chinandiwawa ine ndi china. Tsiku la maliro a amuna anga, bambo a Binali, ndinakuonani mutakhala kumapeto kwa amayi, ndinati mumtima, mnzanga uja wabwera. Potukulanso maso, palibe. Akuti kwafika galimoto ya ogula."

Deliwe ankalikumbukira tsikulo. Ankakumbukira maso a anthu akumuboola kumsana, ndi mmene mtima unapepukira mwana atabwera kudzamunong'oneza za galimoto. Anafuna kunena kuti sanathawire malonda, anathawa maso. Koma usipa anagulitsadi tsiku limenelo, ndipo anagulitsa bwino. 

Karima anasonkhezera moto. "Ine mawa ndibwera, chifukwa cha mwanayo. Ndiuzako awiri atatu. Koma ine ndekha si mudzi, musayembekeze zambiri."

Lachinayi Karima anafikadi, mtolo wa nkhuni uli pamutu, mpongozi wake ali pambuyo ndi wina. Kunabweranso amayi awiri okalamba a kutchalitchi, mmodzi wa iwo wosaona bwino. Anayatsa moto pansi pa diramu limodzi. Deliwe ankati akamva mapazi pamsewu n'kutembenuka, koma mapaziwo ankapitirira.

A Nachisale anafika nthawi yomwe ija. Anapereka moni kwa aliyense pogwira dzanja, nathokoza Karima mwaulemu, nayang'ana madiramu ena atatu amene anali chikhalire osanyowa. Sanakweze mawu.

"Musadandaule, amake mwana. Kwathu amayi alipo ambiri, usiku umodzi thobwa lipsa. Inu mungobwera ndi mtsikana."

Madzulo ake Sungeni anabwera kuchokera ku Salima n'kumva zonse. Sanalire, sanakalipe. Analowa kuchipinda, nayamba kupinda dilesi la chinkhoswe limene anasoka yekha, lofanana ndi shati la Emmanuel. Deliwe anaima pakhomo la chipindacho.

"Ndimati ndikuchitire chachikulu, mwana wanga. Bwalo lonseli ndimakonzera iwe."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sunena kanthu?"

"Ndinene chiyani? Ine ndakulira m'kati mwa mpanda uno. Anzanga ondivinira ndinakawapeza ku Salima, ndipo ku Chinguluwe afika, n'kufupi." Anatseka chikwama. "Musade nkhawa, adzakupatsani mpando wabwino."

Anamupatsadi mpando wabwino, wapulasitiki woyera, pamthunzi, pafupi ndi ankhoswe. Mwambo unayenda bwino. Ankhoswe anapatsana tambala ndi thadzi, anthu anaseka pamene Emmanuel ananamizira kusokonezeka posankha mkazi wake pakati pa atsikana ofunda zitenje. Thobwa linali lokoma, Deliwe analandira kapu yake ndi manja awiri ngati mlendo wina aliyense. Kenaka woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu:

"Tsopano mayi a mtsikana, ndi anzawo onse a ku Senga Bay, alowe m'bwalo! Tione mmene amavinira a kunyanja!"

Nyimbo inayamba. Deliwe anadzuka, nalowa m'bwalo lalikulu lija, yekha. Anavina akuyang'ana mapazi ake. Woyendetsa mwambo anakuwanso kuti, "A ku Senga Bay, musachite manyazi!" kenaka wina anamunong'oneza, ndipo anasintha nkhani msangamsanga. A Nachisale ndiwo anadzuka ndi amayi angapo n'kudzamuzungulira, akuimba nthungululu. Chinali chifundo, ndipo Deliwe anachimva kulemera kwake. Atatukula maso anaona Sungeni akumwetulira monga amamwetulira mkwatibwi, koma akuyang'ana kumbali.

Lolemba m'mawa Deliwe anali pabwalo pake akutsuka diramu limodzi lija. Matumba a chimera anali pakhonde, iye osadziwa kuti achita nawo chiyani. Geti linali lotsegula mbali imodzi. Karima, popita kuganyu yake, anaima pomwepo.

"Mwayenda bwanji ku Chinguluwe?"

"Tayenda bwino. Mwana alowa m'banja labwino."

"Alhamdulillah. Ndamva munavina."

"Zafika kale?"

"Nanga akabaza ntchito yawo n'chiyani?" Karima anaseka pang'ono, kenaka analowa, nakhala pa njerwa ya pakhonde osadikira kuuzidwa. Anatola chimera pang'ono m'thumba, nachinunkhiza. "Chabwinotu ichi. Chiyanikeni chingachite nkhungu."

Deliwe anasiya kutsuka. "Chinkhoswe sichibwerezedwa, amake Binali."

"Sichibwerezedwa. Chimenecho chapita, ndipo chidzakuwawani mpaka kalekale, sindikunamizani. Koma mtsikana akatenga pakati poyamba amabwera kudzachirira kwa amake. Akadzatuluka kuchipatala ndi khanda, adzagona m'nyumba muno. Pamenepo pamafunika amayi odzaona mwana, odzachapa matewera, odzamuseka mtsikanayo kuti sadziwa kuyamwitsa. Mufuna adzakhalenso yekha ndi inu m'kati mwa mpanda?"

"Nanga ndiyambira pati? Khomo lililonse ndikaliyandikira, miyendo imakana."

"Simuyamba nokha, mudzayenda pambuyo panga. Adzakunenani, musaganize kuti sadzakunenani. Loveness yekha adzakudyani mwezi wonse. Inu mudzakhale pansi, mudzatole mpeni, mudzasende nawo anyezi." Karima anadzuka, nakung'untha chitenje. "Tipangane chonchi. Kulikonse kumene ndikupita, kaya ndi ku maliro, kaya kwa odwala, kaya kophika za ukwati, ndizidzera pano n'kugogoda getili. Koma ndizigogoda kamodzi. Ndakalamba ine, sindingamaime pa dzuwa."

"Ndipo mwana akadzabwera ndi khanda?"

"Madzi oyamba omusambitsa ndidzatenthetsa ndine, Inshallah. Zinazo zidzaoneka ndi mmene mwayendera."

Deliwe anapukuta manja pa chitenje, nagwira dzanja la mnzake, lokhakhala ndi zipsera za madzi owira.

"Gogodani kamodzi komweko," anatero. "Ndizituluka."